Mai Akaona Mdzukulu

Pakati pa Acewa a kale munthu wamkazi anali kusintha dzina katatu kapena kanai asanatsikire kuli cete. Ali mwana anali nalo dzina la paubwana. Atabvinidwa cinamwali anthu analeka kulichula dzinalo, pakuti kutero kunali kumpeputsa, nayamba kumuitana ndi dzina la ciwongo monga Nabanda, Naphiri kapena Nambewe. Atabala mwana woyamba anamveka kuti mace Uje, nalowa m'gulu la nchembere. Koma dzina lotsiriza, limene anapita nalo kumanda, sanalilandire kwa anamkungwi kapena kwa mwamuna wace iai. Linadza ndi kakhanda kamene mwana wace wamkazi anabala.

Masiku ano dzinalo ndi agogo, ndipo ambiri ayesa kuti ndi mau a Cicewa ceniceni, koma si tero. Makolo ankati ambuye, ndipo kumadera ena, makamaka kum'mawa kwa Zambia, akali kutero. Mau akuti gogo anadza ndi Angoni, amene gulu lao lina linaoloka Zambezi m'caka ca 1835, monganso mau akuti malume amene analanda malo a mtsibweni m'midzi yambiri. Kapena gogo anafala cifukwa ngofewa m'kamwa mwa mwana wophunzira kulankhula. Kapenanso anthu anaona kuti mau akuti Ambuye, atatengedwa ndi amishoni kukhala dzina la Mwini kumwamba, alemera kwambiri kuti mwana aitanire nao nkhalamba yosinja mphale. Koma kusintha kwa mau nkwakung'ono. Cimene casintha kwakukulu ndico cimene mai amalandira pa tsiku loona mdzukulu. Kale ankalandira ulemu ndi mpumulo. Mbiri ya zaka zoposa zana zapitazi yamsiyira ulemuwo, koma mpumulo yamlanda.

Kuti zimenezi zimveke, ayenera munthu kukumbukira kuti mudzi wa Acewa unali kumangidwa pa akazi. Mwamuna akakwatira anali kusiya kwao nakamanga nyumba kwa mkazi, ndiwo ukwati wa cikamwini, ndipo ana obadwa anali a mbumba ya mtsibweni wao, mlongo wa mai wao. Anthu onse ocokera mwa mkazi mmodzi ankachedwa bere limodzi: a mwa mkazi wamkulu bere lalikulu, a mwa mng'ono wace bere laling'ono. Tsono mkazi wokhala ndi ana okha anali akali nthambi ya bere la amace. Koma mwana wace wamkazi akabala, pamenepo iye anasanduka tsinde, pakuti mibadwo iwiri inaima pa iye. Mudzi ukakula nuyamba mikangano unkagawika motsata mabere omwewa, ndipo opita kukamanga mudzi watsopano sankasiya gogo wao, popeza iye ndiye anali umboni wakuti iwo ali amodzi. Ngakhale ufumu waukulu wa Kalonga unali kuyenda m'njira yomweyi, pakuti wolowa ufumuwo anayenera kutuluka m'bere la Nyangu.

Ugogo unkayamba mwana asanabadwe. Mtsikana akaima, amace sankamuuza kanthu ndi pakamwa pao, pakuti pakati pa mai ndi mwana wace panali manyazi pa nkhani zotere. Iwo ankangoona kuti mwanayo wayamba kusankha ndiwo ndi kugona usana, napita kukanong'oneza anamkungwi, amene anakonza mwambo wa cisamba, ndiwo malangizo a mimba yoyamba. Koma malamulo sanagwere mtsikana yekha. M'midzi yambiri kunali kocititsa manyazi kuti mai atenge pakati pamene mwana wace wayamba kubala, ndipo akazi anzace kumtondo ndi kudambo sankamleka wotero osamjeda. Pano mpofunika kuganiza bwino. Atsikana a nthawi imeneyo ankakwatiwa atangotha cinamwali, cotero mai woona mdzukulu woyamba kawirikawiri anali asanafike zaka makumi anai. Sanali nkhalamba konse. Anali ndi mphamvu zace, mwina ndi mwana wace wotsiriza akali kuyenda cotsamira zipupa, ndipo anauzidwa ndi mwambo kuti nthawi yace yatha, apatse mpata mwana wace. Amene amanena za cimwemwe cokha ca ugogo amaiwala kuti mkaziyo anali kutsazika ubereki wace, umene unali ulemu wace wonse kufikira tsikulo, ndiponso kuti mwamuna wace, amene mwambo sunamuuze kuti wakalamba, nthawi zina ankayamba pomwepo kuyang'ana mitala.

Usiku wa kubadwa kwa mwana unali usiku wa mantha. Amuna onse ankacotsedwa, ndipo m'nyumba munkatsala azamba ndi nchembere zokhazokha. Mwana akacedwa kubadwa, akulu ankati pali cigololo cimene camanga njira, nayamba kumuumiriza mtsikanayo kuti aulule maina. Ciphunzitso cimeneci cinazunza akazi ambiri osalakwa, ndipo ena anafa ali kufunsidwa milandu pamene cosowa cao cinali thandizo limene mudzi unalibe. Mai wa mtsikanayo ndiye anamva kuwawa kawiri, pakuti womwalirayo akadakhala mwana wace, ndipo manyazi a kuulula akadagwera nyumba yace. Khanda likabadwa lakufa, kapena likafa lisanatuluke m'nyumba, linkachedwa nthayo. Akazi acikulire okha ankalinyamula kukaliika m'dzenje losazama, popanda amuna ndiponso popanda kulira maliro. Gogo wotero ankabwerera kunyumba ali duu, natenga mtsuko kupita kumadzi monga tsiku lina lililonse.

Koma zikayenda bwino nthungululu zinkamveka mudzi wonse, ndipo pamenepo nchito ya gogo watsopano inayamba. Mai ndi khanda ankakhala m'cikuta kufikira mcombo utagwa, ndipo masiku onsewo gogo ndiye anali kutereka madzi otentha, kuphika phala, kusonkha moto ndi kuchinga pakhomo kuti munthu wotentha, ndiye kuti wogona ndi mkazi kapena mwamuna, asakhudze mwanayo ndi kumdula. Iye mwini ndi mwamuna wace anayenera kusiyana mphasa masiku amenewo cifukwa ca kuopa mdulo womwewo. Mcombo utagwa ankameta khanda, nalitulutsa, nalipatsa dzina, kawirikawiri la kholo lina lomwalira. Cotero zinkacitika kuti mai ananyamula pamiyendo pace kamwana kochedwa ndi dzina la amace omwe, nakaitana mwaulemu kuti amai, pamene kamwanako kali kumnyowetsa nsalu.

Kubadwa kwa mdzukulu kunasinthanso za pakati pa mai ndi mkamwini wace. Poyamba awiriwa ankathawana: akakumana panjira wina ankapatukira kuchire, ndipo mkamwini sankadya mpongozi ali kuona. Mnyamatayo anali kulima m'munda wa apongozi, ndipo nsima yace inkacokera mumphika wao. Ana akayamba kubadwa, akulu ankaona kuti ukwati wakhazikika, nalola banjalo kukhala ndi mafua ace, munda wace ndi nkhokwe yace. Ndipo patapita nthawi panali mwambo wopatsana mphatso wothetsa manyazi aja, kuti mpongozi ndi mkamwini azilankhulana. Kwa gogo zimenezi zinali zokoma ndi zowawa pamodzi. Anapeza munthu woceza naye amene kale anali kumthawa, koma anataya makasu awiri m'munda mwace, ndipo mwana wace amene dzulo anali kumfunsa muyeso wa ufa anayamba kuphika za yekha, natumiza mbale ya ndiwo monga acitira mnansi.

Cimene gogo analandira m'malo mwa zimenezi ndi ana eni ace. Mwana akaleka kuyamwa, makamaka amace akaimanso, ankamtumiza kukagona kwa agogo, ndipo nyumba imene inayamba kuzizira inadzazanso. Atsikana osinkhuka ankagona m'kuka, imene kawirikawiri inali nyumba ya gogo wamasiye kapena yoyandikana nayo, pamene anyamata anali kumphala. Kumeneko ndiko kunali nthano ndi zirapi madzulo a m'nyengo ya masika. Ndipo pakati pa gogo ndi mdzukulu panalibe manyazi aja a mai ndi mwana. Gogo ankaitana mdzukulu wamwamuna kuti mwamuna wanga, namdandaulira mwanthabwala kuti sanamgulire nsalu. Wamkazi ankamuti mkazi mnzanga, namnena kuti afuna kumlanda nkhalamba yace. Nthabwala zimenezi zinali ndi nchito yace, pakuti mtsikana akatha msinkhu sankapita kwa amace koma kwa agogo, ndipo zimene mai sakadatha kuchula gogo ankazinena poyera. Nzoona kuti makolo ankadandaula, monga adandaulabe lero, kuti mwana wokulira kwa agogo ngwopusitsidwa, pakuti dzanja limene linali lofulumira kukwapula ana ace linasanduka lolemera pa adzukulu. Mwana wothawa mkwapulo akangogwira nsalu ya agogo, mlandu unathera pomwepo.

Pamene zaka zinapita ndipo gogo analeka kusamba, mphamvu yace pamudzi inakula. Munthu wotere ankayesedwa wozizira, wosatha kudula munthu. Iye ndiye ankathira mcere m'ndiwo pamene akazi ena sanali kuloledwa, iye ndiye ankasambitsa makhanda a mudzi wonse, ndipo pa nsembe za mizimu dzanja lace linali loyenera. Nchito yolemetsa ya kumunda inali ya ana ace ndi akamwini. Iye anali kupalira kamunda ka pakhomo, kuumba miphika, kufutsa masamba ndi kuyang'anira ana. Umenewu ndiwo mpumulo umene mkazi aliyense anali kuuyembekeza.

Komatu mwana aliyense ali ndi agogo akazi awiri, ndipo zonse zanenedwazi zinali za mmodzi yekha. Wina uja, mai wa bambo, mbiri imamuiwala. Mwana wace wamwamuna anali kukabala kumudzi kwa eni, ndipo adzukulu amenewo anali a mbumba ya ena. Uthenga ukafika ankanyamula dengu la ufa ndi nkhuku, nayenda ulendo, nakakhala pamphasa ya alendo kudikira kuti ampatse mwana amuone. Atagona masiku awiri kapena atatu ankabwerera. Ukwati ukatha, mwana wace ankabwera yekha ndi khasu, nkhwangwa ndi mphasa, ndipo adzukulu aja mwina sanawaonenso. Ncifukwa cace mkazi wobala amuna okhaokha ankamumvera cisoni ngati wosabala: nyumba yace inali kutha iye akali moyo. Kwa Angoni zinali zotembenuka. Kumeneko ng'ombe za lobola zinkapititsa ana kwa atate ao, ndipo Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930, analemba kuti mai wa bambo ndiye anali kulamula za kaleredwe ka khanda, ngakhale tsiku lolilekanitsa ndi bere. Mitundu iwiri yoyandikana midzi, koma misozi ya gogo wa kuno inali cimwemwe ca gogo wa uko.

Makhalidwe amenewa anayamba kugwedezeka dziko litalowa m'manja mwa Angerezi m'caka ca 1891. Boma linaika msonkho wa nyumba, ndipo ndalama ya msonkho sinali kumera m'munda wa mapira. Amuna anayamba ulendo wa ku Halale, ku Wankie ndi ku Joni, ena pansi, ena pambuyo pace ndi Wenela. Bungwe limene boma linasankha m'caka ca 1935 kuti lifufuze za nkhaniyi linayerekeza kuti amuna a ku Nyasaland okhala kunja anali ngati 120,000, ndipo ambiri a iwo anali machona, osalemba kalata ndi osatumiza kanthu. Poyamba zinkaoneka ngati gogo sanataye cinthu, pakuti ana ace akazi ndi adzukulu anali pomwepo. Koma mkamwini wogwetsa mitengo, womanga nkhokwe ndi wofolera denga panalibe, ndipo gogo amene anapacika khasu anayenera kulitsitsanso. Njala ya 1949 inaonetsa poyera kufooka kwa mudzi wotere. Kumadera a Blantyre akazi anakumbukira kwa zaka zambiri za amuna amene anapita kukafuna cakudya kwa abale ao osabwereranso, nasiya ana m'manja mwa amai ao ndi agogo ao, amene anakumba mizu ya m'chire kuti awapulumutse.

Cinthu caciwiri cinali fodya. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 ulimi wa fodya unafala m'cigwa ca Lilongwe ndi ku Dowa, ndipo m'caka ca 1926 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira fodya wa alimi a m'midzi. Mwamuna wolima fodya sankafuna kumanga zigafa pamalo a apongozi, pamene tsiku lina akhoza kupirikitsidwa nasiya zonse. Cotero ambiri anayamba kupempha citengwa, ndiko kutenga mkazi kupita naye kwao. Citengwa cinalipo ndi kale, koma cinali ca mafumu ndi eni mbumba, kapena ca mkamwini amene wakhala zaka zambiri naonetsa khalidwe. Tsopano cinasanduka ca aliyense wokhala ndi ndalama. Amishoni naonso, amene anafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Mua mu 1902, anaphunzitsa kuti mwamuna ndiye mutu wa banja, naletsa akristu ao cinamwali ca kumudzi. Ku Nkhoma anaika cilangizo m'malo mwace, ndipo agogo ena anapeza ulemu watsopano monga alangizi a mpingo. Koma ena, amene nzeru zao zonse zinali za kutsimba, anangokhala osafunsidwa kanthu. Pamenepa agogo awiri aja anasinthana mphasa. Mai wa bambo anayamba kudzuka ndi adzukulu pabwalo pace, cinkana pa mlandu ndi pa maliro anali akali a mbumba ya ena, ndipo mai wa mkazi ndiye anayamba kunyamula dengu la ufa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 ndipo mizinda itakula, ana akazi naonso anacoka, ena kutsata amuna ao, ena kukagwira nchito zao za uphunzitsi, unamwino ndi malonda. Mdzukulu anayamba kubadwira kutali, ndipo gogo ankamva ndi kalata yowerengedwa ndi mwana wa sukulu. Ena ankaitanidwa ku tauni kukathandiza mwezi umodzi, nakakhala m'nyumba ya mkamwini, kudya cakudya cogula ndi ndalama za mkamwini, cinthu cimene amai ao sakadacimvetsa. Ndipo moyo wa m'tauni ukabvuta, kapena ukwati ukatha, ana ankakwezedwa basi kupita kumudzi, pakuti aliyense ankadziwa kuti kwa agogo sabweza mwana.

Koma zonsezi zinali zazing'ono poyerekeza ndi zimene zinadza pambuyo pa 1985, caka cimene matenda a edzi anapezeka koyamba m'Malawi. Nthendayi inasankha anthu a msinkhu wobala ndi wogwira nchito, nisiya nkhalamba ndi ana. Mau akuti adzukulu amachulanso anthu okumba manda ndi kuika maliro, cinkana iwowo sakhala abale a womwalirayo, ndipo mkazi aliyense woona mdzukulu anali kudziwa mumtima kuti wapeza womlira. Tsopano zinatembenuka. Gogo anadwazika mwana wace wobwera kucokera ku tauni ali mafupa okhaokha, namuika, nadwazikanso wina, ndipo pomaliza anatsala ndi ana asanu kapena asanu ndi atatu a mimba zosiyana, ena oyamwa. Pofika pakati pa zaka za m'ma 2000 ana amasiye cifukwa ca nthendayi anali pafupifupi theka la miliyoni, ndipo ambiri a iwo anali kwa agogo. Mkazi amene mwambo unamuuza ali ndi zaka makumi anai kuti ubereki wace watha anayambanso kulera ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, wopanda bere, wopanda mkamwini, wopanda mtsibweni wa anawo, pakuti iyenso anali kumanda. Nthabwala za mwamuna wanga ndi mkazi mnzanga zinacepa m'nyumba zotere, cifukwa munthu sangathe kukhala wokwapula ndi wothawirako nthawi imodzi. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo maliro anacepa. Mu 2006 boma linayamba kuyesa ku Mchinji thandizo la ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda wogwira nchito, limene pambuyo pace linachuka ndi dzina lakuti Mtukula Pakhomo, ndipo pamizere yolandirira panadzaza agogo.

Cotsiriza kucoka m'manja mwa gogo cinali cikuta. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa akazi m'midzi, pofuna kucepetsa imfa za amai. Ciletsoco cinacotsedwa mu 2010, koma mafumu ambiri anali ataika kale cindapusa ca mbuzi kapena ndalama kwa wobalira kunyumba, ndipo lero ana ambiri a m'Malawi amabadwira kucipatala. Palibe wanzeru angalire masiku a kuulula maina pamene mwana wapingasa m'mimba. Koma malo a mai pa usiku umenewo asintha. Tsiku likayandikira iye amanyamula mtolo wa nkhuni, ufa, mphika, beseni ndi nsalu zatsopano, naperekeza mwana wace kukadikira kucipatala, kumene amachedwa gadiyani. Amaphika pa mafua atatu m'khumbi la kuseri pamodzi ndi akazi ena acilendo, nagona pakhonde. Nthawi ikafika namwino amatseka citseko, ndipo mai amakhala panja ndi beseni lace kufikira wina atatuluka kudzaitana kuti abwere ndi nsalu.